Laibulale si ya Wi-Fi chabe

Kuno ku Silverest tili ndi kampasi ya UNILUS pakhomo, koma timaona ophunzira ambiri akudalira AI ya pafoni polemba pulojekiti. Vuto lake, nthawi zina imapeka mabuku omwe kulibe. Alekichala akawafufuza n'kuwasowa, mamakisi apita.

Ife tikuti yambani ndi woyang'anira laibulale. Muwauze funso lanu lenileni, mwachitsanzo momwe minda ya ku Chongwe ikusandukira mapuloti. Kenaka tsegulani DSpace ya UNZA: madizeteshoni ndi aulere, ndipo mndandanda wa mabuku wa kumapeto kwake udzakulozerani ena. Mukafuna mbiri ya Asoli ndi ufumu wa Nkomeshya, kwerani basi pa Great East Road, mukafunse ku Special Collections mu laibulale ya UNZA.