Musamunyoze Larry Holmes

A Mkonzi,

Ndawerenga nkhani yanu ya zamasewero imene inati Larry Holmes anali wankhonya wamba chifukwa Mike Tyson anamugwetsa mu raundi yachinayi mu 1988. Ndikukana kwamtuwagalu.

Kodi mlembiyo waiwala kuti tsiku limenelo Holmes anali ndi zaka 38, komanso anali atapuma nkhonya pafupifupi zaka ziwiri? Munthu sayesedwa mphamvu atakalamba.

Onani mbiri yake. Analanda lamba wa WBC kwa Ken Norton mu 1978, nakhala ngwazi ya heavyweight kufikira 1985. Anapambana nkhonya 48 zotsatizana asanagonje kwa Michael Spinks. Mu 1979 Earnie Shavers, mwini chibakera choopsa, anamugwetsa pansi, koma Holmes anadzuka n'kupambana. Nanga Tyson uja, atagwetsedwa ndi Buster Douglas ku Tokyo mu 1990, anadzuka n'kupambana?

Mlandu wa Holmes ndi umodzi wokha: anamenya Muhammad Ali wokalamba mu 1980, ndipo okonda Ali sanamukhululukire. Koma chidani si umboni.

Uzani mlembi wanu afufuze kaye asanalembe. Holmes ndi mmodzi mwa ngwazi zenizeni za nkhonya.

Wokonda nkhonya,
Zomba