Za Luzi ndi Mfundo Ziwiri

Munthu wakugona m'thengo sasowa cingwe ngati ali ndi mpeni. Asende khungwa la mombo, acotseko cakunja colimbaco, ndipo luzi la m'kati aliviike m'madzi. Msasa timanga luzi likali lonyowa, pakuti louma lithyoka pa mfundo pomwe.

Koma cimene catilembetsa mwezi uno ndi mfundo. Anyamata athu onse adziwa mfundo ya khwekhwe, imene ithina cinthu cikamakoka. Mfundo imeneyo nja msampha ndi mtolo wa nkhuni basi. Tinaona ndi maso athu mnyamata amene anamanga nayo mbuzi ya amace pa ulendo. Usiku fisi analira, mbuzi inadumpha, ndipo kutaca inapezeka yakufa, fisi wosaikhudza konse. Inali mbuzi imodzi yokha ya banjalo.

Mfundo yosathina imangidwa cotere. Pindani cingwe mupange kadiso kakang'ono, mutasiya nsonga yotalika ngati mkono. Zungulizani nsongayo pa khosi la mbuzi, muilowetse m'kadisomo kucokera pansi, ipite kuseri kwa cingwe cacitalico, nimuibwezere m'kadiso momwe inatulukira. Tsono kokani. Zala zitatu zizilowa pakati pa cingwe ndi khosi.

Mfundo yomweyi ndiyo titulutsira munthu wakugwa m'citsime, cingwe citadzera m'khwapa. Atate, aphunzitseni ana madzulo ano pa mwendo wa mpando, kufikira atamanga otsinzina.