Khirisimasi ya randi, malipiro a kwacha

Disembala akangolowa, pa boma la Mzimba pamayamba mpikisano umene palibe adaulengeza. Magalimoto ochokera ku Joni amatsitsa zikwama zamizeremizere zija zoti munthu mmodzi sanganyamule. Ena a nambala za GP amazungulira pamsika, wailesi ili pamwamba ngati msewu adachita kugula. Ndiye muone mphunzitsi wa ku pulayimale, wa mwana mmodzi wina ali m'njira, ataima pakhomo pa golosale ndi kapepala m'manja, akufufuta. Shuga mapaketi awiri asanduka imodzi. Mafuta ophikira a malita awiri asanduka oyeza m'kabotolo.

Ine ndili mbali ya mphunzitsiyo, ndipo mlandu wanga uli ndi inu achibale.

Eya, inu azakhali a ku Embangweni amene mumafunsa mkamwana asanakhale n'komwe pansi kuti, "Mwatitengera chiyani?" Inu amalume a ku Edingeni amene mumati, "Mnzako wa ku Joni wamanga ya malata, iwe sukulu yakupindulira chiyani?" Mumati n'nthabwala. Koma nthabwala imeneyo ndi imene imanyamula banja laling'ono kukagwada kwa wakatapila, kukongola K50,000 yoti abweze K75,000, khadi la kubanki n'kusiya komweko ngati chikole. Zonsezo kuti pa 25 Disembala pakhale kireti ya Fanta ndi chitenje chatsopano cha apongozi.

Za ku Joni sizachilendo kuno. Agogo athu ankapita pa Wenela mpaka 1974, pamene Kamuzu adaletsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Kudabwera TEBA, nayo idatha mu 1988. Ankabwerako ndi njinga, jekete ndi chifuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kale munthu ankabwera patapita zaka, mudzi n'kudabwa sabata imodzi, basi. Lero muyeso ukubwera chaka ndi chaka, ndipo usanafike umayamba waonekera pa WhatsApp.

Tsono tiyeni tiwerengere, poti masamu alibe chibale. Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Wosunga randi adadzuka m'mawa ali wolemererapo osagwira ntchito ngakhale ola limodzi lowonjezera. Wolandira kwacha adadzuka atabedwa, chitseko chili chotseka. Anthu awiriwa mukuwaika pa sikelo imodzi? Amene amatchedwa woumira uja sadasinthe mtima. Ndalama yake ndiyo idafota.

Ndipo Khirisimasi yathu imagwa pa nthawi yoipa, tinene zoona. Kwa Azungu amene adatibweretsera mwambo wa mphatsowu kumakhala kuli chisanu, kumunda kulibe ntchito. Kuno chimanga chimakhala chikudikira feteleza wobereketsa, ufa uli kumapeto kwa thumba, Januwale ali pakhomo ndi fizi ndi lendi. Mwana amene wadya mpunga ndi nkhuku pa 25 Disembala n'kugona ndi phala mu Febuluwale, tamusangalatsa kapena tamupusitsa? Koma mukamva alangizi a pa wailesi, ati vuto n'lakuti mabanja sadziwa kupanga bajeti. Bajeti! Mayi amene amagawa paketi imodzi ya shuga kuti ikwane masabata atatu angaphunzitse bajeti ku Capital Hill. Ena m'manyuzi akutiuza za holide ya kunyanja ku Chintheche, ngati funso la banja ili ndi loti likasambe kuti. Funso lake ndi limodzi: tipite kumudzi kapena tisapite?

Musandimve molakwa, anyamata a ku Joni si adani anga. Ambiri amagona anayi m'kachipinda kamodzi, amadzuka kusanache, amazemba apolisi poopa kukatsekeredwa ku Lindela. Tikukumbuka 2008. Tikukumbuka 2015, pamene boma lidatumiza mabasi kukatenga anthu othawa zipolowe, ena n'kufika ndi malaya a pathupi okha. Nawonso mpikisano womwewu ukuwadya: sangabwere chimanjamanja, ndiye ena amangokhala osabwera, zaka n'kumapita, mpaka tiyambe kuwatcha matchona. Amene timawatchonetsa ndife, ndi funso lomwe lija la "mwatitengera chiyani".

Mudzati, nanga ana asadziwe kwawo? Asawadziwe agogo awo? Adziwe ndithu. Koma ndani adalamula kuti kumudzi kupitidwe mu Disembala, mvula ili pakati, misewu yafumbi itasanduka phala, a matola ndi a kabaza atakweza mitengo? Bwanji Ogasiti? Sukulu zimakhala zitatsekera, nkhokwe zili ndi kanthu, mtedza ndi mbatata zilipo, njira n'zouma. Ndi mwezi womwewo umene Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa amasonkhana pa phiri la Hora ku mwambo wa Umthetho. Mwana akaone ingoma ndi maso ake, abwereko ndi nsinjiro za agogo. Pamenepo mlendo sakhala katundu, ndipo mwini mudzi naye ali ndi choti apereke, osati kungotambasula dzanja.

Kwathu chaka chino tagwirizana. Thumba la yuriya poyamba. Kenako mpunga wa Kilombero makilogalamu awiri, nkhuku imodzi yachikuda, tomato ndi anyezi wa pa Jenda ngati wina adutsako, ndi kadiresi ka pa kaunjika kamene mayi ake a mwana akachapa n'kusita palibe angadziwe. Kutchalitchi tipita wapansi.

Azakhali ndawaimbira kale kuwauza kuti tidzabwera mu Ogasiti. Adakhala chete kanthawi, kenako adafunsa ngati shuga tingatumize pa basi.