SITIMA INAGWERA M'MGODI: PHUNZIRO KWA ANA ATHU A KU MIGODI

Pamene tikamba za ngozi ya sitima, ambiri a ife timaganiza za njanji ija icoka ku Livingstone, kupyola Kabwe ndi Ndola, mpaka kukafika ku Kitwe. Koma abale athu a m'midzi adziwe kuti pansi pa nthaka palinso njanji zina, zimene ana athu akuyendapo usana ndi usiku, kumene tisitima tating'ono timakoka ngolo za miyala mumdima. Ngozi imene tifuna kukumbutsana lero inacitika pa njanji yotere.

Usiku wa pa 10 Meyi 1995, pa mgodi wa golide wa Vaal Reefs, pafupi ndi tauni ya Orkney ku South Africa, injini ya sitima yolemera matani 12 inathawa pa njanji yace, pamalo akuya pafupifupi mamita 1,700 pansi pa nthaka. Zochinga zimene zinayenera kuiimitsa sizinaiimitse. Inagwera m'dzenje lalikulu lolowera mu mgodi, ndipo inaphwanya cikepe cimene cinadzala ndi anchito, nicitsikira naco pansi peni-peni. Amuna 104 anafera pomwepo, osatsala ndi mmodzi yemwe. Ambiri anali alendo a nchito ocokera m'midzi ya ku Lesotho, Mozambique ndi madera ena, anthu osiya akazi, ana ndi minda monga acitira ana athu a ku Chipata, Katete ndi Petauke.

Wina angafunse kuti, nanga ife za ku Joni zitikhudza bwanji? Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Mgodi wa Vaal Reefs unali m'manja mwa Anglo American, kampani yomwe ija inakumba mkuwa pa Nkana ndi pa Nchanga kwa zaka zambiri. Ndipo misozi yotere ife tiidziwa kale. Pa 25 Seputembala 1970, matope otaidwa pamwamba pa mgodi wa Mufulira anaboola nthaka nalowa pansi, ndipo anchito 89 anataya miyoyo yao. Maliro amenewo analiridwa m'zigawo zambiri za dziko lino.

Cofunika kwambiri ndi cimene cinatsatira ngozi ya ku Vaal Reefs. Pa nthawi imeneyo komiti yofufuza za citetezo ca m'migodi, yotsogozedwa ndi woweruza Ramon Leon, inali itapeza kuti anchito oposa 69,000 anafa m'migodi ya South Africa m'zaka 93 zoyamba za m'ma 1900. Imfa za anthu 104 usiku umodzi zinatseka pakamwa onse amene anali kufuna kuzengereza. Pulezidenti Nelson Mandela analamula tsiku la kulira kwa dziko lonse, ndipo m'caka ca 1996 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo ndi citetezo m'migodi. Lamulo limeneli linapatsa anchito mphamvu yosankha owaimira pa nkhani za citetezo, ndiponso ufulu wocoka pamalo pamene aona kuti moyo wao uli pangozi.

Ufulu umenewu suli wa anthu a ku South Africa okha. Mu Juni 1995 bungwe la anchito la maiko onse, ILO, linagwirizana pangano la nambala 176 lonena za citetezo m'migodi, ndipo Zambia inalibvomereza m'caka ca 1999. Panganoli linena poyera kuti wanchito angathe kudzicotsa pamalo oopsa, ndiponso angathe kuulula ngozi kwa akulu a nchito ndi kwa Boma, popanda kulangidwa.

Koma lamulo la papepala siliimitsa sitima. Ciimitsa sitima ndi buleki yoyesedwa tsiku ndi tsiku, cochinga cokonzedwa cisanathyoke, ndi kapitao amene amamva pamene wanchito wamng'ono alankhula. Cifukwa cace tipempha eni migodi kuti asaike matani a mkuwa patsogolo pa moyo wa munthu. Tipemphanso bungwe la anchito a m'migodi, la Mineworkers Union of Zambia, limene likulu lace lili ku Kitwe, kuti liphunzitse mnyamata ali yense wolowa nchito ufulu wace asanatsike pansi koyamba.

Nanunso makolo a kumudzi muli ndi mbali yanu. Mwana wanu akakuuzani kuti wakana kulowa pamalo oipa, musamuche mlesi kapena wamantha, ndipo musamuumirize cifukwa ca ndalama za feteleza. Malipiro a mwezi umodzi abwerera, koma mwana woikidwa m'manda sabwerera. Ndipo tsoka likagwa, mkazi wamasiye ndi ana ace asakhale cete pakhomo. Bungwe la cipukuta misozi ca anchito, la Workers' Compensation Fund Control Board, lili ndi likulu lace ku Ndola. Acibale awaperekeze ndi mapepala ao onse, ndipo pasapezeke wolanda cuma ca ana amasiye.

Mkuwa ndiwo cuma ca Zambia, koma okumba mkuwawo ndiwo cuma ca midzi yathu. Tiyeni tonse, Boma, makampani, anchito ndi makolo, tione kuti ali yense wotsika m'cikepe m'mawa abwerenso kwa ana ace madzulo.