Rivirivi asamalidwe kuyambira ku Mvai mpaka ku Shire

Mtsinje wa Rivirivi umachokera m'mapiri a Kirk Range ku Ntcheu, n'kutsetserekera m'chigwa chotentha cha Balaka, kudutsa ku Utale kumene ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni mu 1908, mpaka kukathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde. M'chilimwe malo ena umatsala mchenga wokhawokha, amayi n'kumafukula timaenje pakati pa mtsinje, kudikira kuti madzi atuluke pang'onopang'ono adzaze ndowa. Poona izi munthu angaupeputse. Komatu mtsinjewu waonetsa kale kuti ukadwala dziko lonse limamva kuwawa, ndipo nthawi yakwana yoti uzisamalidwa wonse pamodzi, ndi ndalama zochokeranso kwa amene amapindula nawo kumunsi.

Mu Januwale 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa njanji pa Rivirivi, ndipo sitima zopita ku Salima ndi ku Lilongwe zinaima mpaka 2005. Katundu wolemera ngati feteleza anabwerera pamsewu. Mu 2018 tinaona vuto losiyana: damu la Mpira, lomwe lili kumtunda kwa chigwa chomwechi ndipo limamwetsa anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka, linaphwa, mipope n'kuuma. Kusefukira ndi kuphwa gwero lake ndi limodzi. Nkhalango ya Mvai ndi mapiri oyandikana nayo zikametedwa ndi nkhwangwa za ootcha makala, mvula simalowanso pansi. Imathamanga tsiku lomwelo itanyamula dothi, osasiya kanthu kodyetsa akasupe mu Okutobala. Dothilo silithera ku Balaka. Kamuzu Barrage ya ku Liwonde m'boma la Machinga, yomwe inamangidwa mu 1965, imawongolera madzi ochokera kunyanja, koma Rivirivi amalowa mu Shire kumunsi kwake, choncho matope ake amayenda osatchingidwa kukafika ku Nkula, kumene amapanga magetsi, ndi ku Walker's Ferry, kumene amapopa madzi akumwa a mzinda wa Blantyre.

Ena amati zonsezi ndi kusintha kwa nyengo, palibe chimene tingachite. N'zoona kuti mvula ikubwera mosalongosoka, koma mvula yomweyo ikagwa pa phiri la mitengo ndi pa phiri lopanda mitengo, chimene chimatsikira kumtsinje sichifanana. Nyengo yovuta ndiyo ikuchititsa kuti mitengo ifunike koposa kale. Dandaulo lolemera kwambiri ndi la mlimi wa dimba. Balaka ndi dera la chilala, ndipo banja limene chimanga chapserera kumunda limathawira m'mbali mwa mtsinje kukadzala tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi. Kuliuza kuti lisunthe popanda kulipatsa china n'kulitumiza ku njala, ndipo lamulo lotere silingagwire ntchito ngakhale mfumu italengeza kangati. Ndiye chifukwa chake nkhani ya ndalama siingazembedwe. Kampani yopanga magetsi ya EGENCO imawononga kale ndalama pochotsa matope m'madamu ake. Gawo la ndalama zoterozo, pamodzi ndi za Blantyre Water Board, likanamapita kwa midzi imene yasunga nsungwi, bango ndi udzu wa vetiva m'gombe, kulipira mitengo imene yakula osati mbande zimene zangodzalidwa pa mwambo, komanso kugula mapampu a dzuwa kuti dimba lithe kukhala patali ndi gombe.

Lamulo la madzi la 2013 limalola kukhazikitsa makomiti oyang'anira chigwa chonse cha mtsinje. Rivirivi akufunika komiti yotere yokhala ndi thumba lakelake, mmene mafumu ndi makhonsolo a Ntcheu ndi Balaka, alimi a madimba, a njanji ndi a magetsi azikhala pamodzi, ndipo a ku Machinga azikhalamonso chifukwa mitsinje yawo yothira mu Shire ikunyamula dothi mofananamo.