Malamulo a 1787 ndi ndale za zipani ku America

Anthu a ku America amanyadira kuti malamulo awo oyendetsera dziko ndi amodzi mwa akale kwambiri amene akugwirabe ntchito. Analembedwa mumzinda wa Philadelphia mu 1787, nayamba kugwira ntchito mu 1789. Koma mutawawerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto, zipani za ndale simuzipezamo. Chonsecho lero palibe chimene chimayenda ku Washington popanda kudutsa m'manja mwa chipani cha Democratic kapena cha Republican.

Amene analemba malamulowa, monga James Madison, anali atangochoka pansi pa mfumu ya ku Britain, ndipo mantha awo aakulu anali oti munthu mmodzi angadzakundike mphamvu zonse. Ndiye anazigawa patatu: kwa pulezidenti, ku nyumba ya malamulo ya Congress, ndi ku makhoti. Ankayembekezera kuti aliyense adzachitira nsanje mphamvu za mpando wake, kotero kuti phungu adzaima ngati phungu pamaso pa pulezidenti. Zoti phunguyo ndi pulezidentiyo adzavala nsalu ya chipani chimodzi sanazikonzekere.

Vutoli silinachedwe kuonekera. Pulezidenti woyamba, George Washington, potsanzika mu 1796 anachenjeza za kuipa kwa zipani, koma chaka chomwecho zipani zinalimbirana mpando wake. Lamulo linkati amene wabwera pachiwiri ndiye wachiwiri kwa pulezidenti, motero John Adams anapezeka akulamulira ndi Thomas Jefferson, amene ankapikisana naye. Ife kuno nkhani ya pulezidenti ndi wachiwiri wake osamwerana madzi si yachilendo. Mu 1800 zinafika poipa: Jefferson ndi mnzake wa chipani chimodzi, Aaron Burr, anafanana mavoti 73 aliyense, ndipo aphungu anavota maulendo 36 kuti apeze wopambana. Pofika 1804 lamulolo linali litakonzedwa. Nthawi imeneyo ming'alu ikaoneka ankatha kuimata.

Tsono taonani za impichimenti, njira yozengera pulezidenti mlandu kuti achotsedwe pampando. Kuti pulezidenti apezeke wolakwa pamafunika maseneta 67 mwa 100 a mu Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress. Mu 1999, pa mlandu wa Bill Clinton, panalibe seneta ngakhale mmodzi wa chipani chake amene anati ngwolakwa. Mu February 2021, pa mlandu wa Donald Trump wokhudza chiwawa cha pa 6 January ku Capitol, kumene Congress imakumana, maseneta 57 anati ngwolakwa, 43 anakana, ndipo a chipani chake amene anamutembenukira anali asanu ndi awiri okha. Kaya mumakonda uyu kapena uyo, chooneka ndi chimodzi: chigamulo chimadziwika mboni zisanayankhule, chifukwa chimangofuna kuwerenga mipando ya zipani. Kuli ngati kuika mlonda pa nkhokwe, mlondayo ali mlamu wa amene akuganiziridwa kuti akuba chimanga. Mpaka lero Senate sinachotsepo pulezidenti aliyense.

Nkhani ya malire a madera oimiridwa ndi aphungu nayo ndi yomweyo. M'zigawo zambiri malirewa amadulidwa ndi andale a chipani cholamula m'chigawocho, ndipo amawadula mowakomera. Mu 2019 khoti lalikulu la Supreme Court linagamula, oweruza asanu kwa anayi, kuti makhoti a boma lalikulu alibe mphamvu pa madandaulo otere. Malamulo a 1787 sanapereke muyezo woti khoti ligwiritse ntchito.

Alipo amene amati kuuma kwa malamulowa ndiye mphamvu yake, ndipo mfundo yawo siyotaya. Malamulo osintha ndi mphepo iliyonse amasanduka chida cha amene ali pampando. Atha kulozanso ku January 2021, pamene wachiwiri kwa pulezidenti, Mike Pence, anakana kukankhira pambali zotsatira za chisankho ngakhale bwana wake ankamukakamiza. Komatu chimene chinagwira ntchito tsiku limenelo ndi chikumbumtima cha munthu. Pakanakhala wina pampando umenewo, bwenzi tikukamba zina.

Nanga bwanji osangowakonza ngati mu 1804? Apa ndi pamene pagona nkhani. Kusintha chiganizo chimodzi kumafuna magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri za Congress, kenako zigawo 38 mwa 50 zivomereze. M'dziko logawanika pakati ndi pakati, chipani chilichonse chili ndi zigawo zokwanira kutseka chitseko. N'chifukwa chake pa zaka zoposa 230 malamulowa asinthidwa ka 27 kokha. Kusintha komaliza, kwa mu 1992, kunali kokhudza malipiro a aphungu, ndipo ganizo lake linaperekedwa kalekale mu 1789. Ganizo latsopano lomaliza kudutsa ndi la mu 1971, lotsitsa zaka zoyambira kuvota kufika pa 18.

Poti mawu a malamulowo sangasinthike, nkhondo yonse yasamukira pa anthu owatanthauzira, oweruza asanu ndi anayi a Supreme Court, amene amakhala pampando moyo wawo wonse. Woweruza Antonin Scalia atamwalira mu February 2016, pulezidenti Barack Obama anasankha Merrick Garland kuti alowe m'malo mwake. Mtsogoleri wa a Republican mu Senate, Mitch McConnell, anati poti ndi chaka cha chisankho, adikire pulezidenti watsopano, ndipo Garland sanaitanidwe n'komwe kukafunsidwa mafunso. Mu September 2020 woweruza wina, Ruth Bader Ginsburg, anamwalira, ndipo McConnell yemweyo anaonetsetsa kuti Amy Coney Barrett wavomerezedwa pa 26 October, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti anthu aponye voti. Pa maulendo onse awiriwa palibe lamulo limene linaphwanyidwa, chifukwa malamulo amangoti Senate ivomereze, osanena kuti liti. Barrett analowa m'khotimo ali ndi zaka 48, ndipo atha kukhalamo zaka makumi atatu kapena kuposerapo, pamene pulezidenti amene anamusankha malamulo omwewo samulola kusankhidwa koposa kawiri.