Mutu ukakula sulewa nkhonya

Mvula ikagwa mowirikiza ku Karonga, mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe sichedwa kusefukira. Madzi akalowa m'midzi ya mafumu monga Kilupula ndi Mwakaboko, oyamba kuthamangathamanga sakhala akuluakulu a boma kapena a mabungwe. Amakhala mamembala a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, anthu ongodzipereka omwe salandira malipiro pakutha pa mwezi.

Iwowa ndiwo amachenjeza anzawo kuti athawire kumtunda, kuwerenga nyumba zomwe zagwa komanso kulemba maina a mabanja ofunika thandizo. Anthu a m'bomali sadaiwale zivomerezi zomwe zidayamba pa 6 Disembala 2009 n'kugwetsa kapena kung'alula nyumba zikwizikwi. Pa ngozi yaikulu ngati imeneyo, wochokera kutali sangadziwe gogo yemwe wagona panja. Amadziwa ndi wa m'mudzi momwemo.

Koma thandizo likafika, m'pomwe pamabuka nkhani. Tiyerekeze kuti komiti idalemba mabanja 200 koma matumba a chimanga abwera 50. Mabanja 150 abwerera chimanjamanja, ndipo sapita ku Lilongwe kukafunsa. Aloza chala wapampando yemwe amakumana naye pachitsime ndi kutchalitchi. Uyu amuti wakuba, uyo amuti wakondera abale ake, wina amuti n'ngwachipani.

Zikatere, ena amangotula pansi udindo. Apa m'pomwe pagona nkhawa yathu, chifukwa anthu okhulupirika akathawa, mipando imatsalira omwe alibe manyazi, ofunadi kudyerapo.

N'chifukwa chake ife tikuti kwa inu atsogoleri ongodzipereka: mutu ukakula sulewa nkhonya. Kunenedwa n'gawo la udindo. Chofunika n'kupeta mawuwo, mankhusu apite, chimanga chitsale. Si aliyense wodzudzula yemwe ali ndi nsanje. Kukondera pogawa thandizo kumachitikadi, ndipo mayi yemwe nyumba yake idagwa koma dzina lake palibe ali ndi ufulu wofunsa. Mumvetsereni mpaka amalize. Ngati mudalakwitsa, vomerani n'kukonza. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mabodza nawo sathetsedwa ndi ukali kapena kubwezera chipongwe. Mankhwala ake n'kuchita zinthu poyera. Itanitsani msonkhano pabwalo la mfumu, werengani maina mokweza, ndipo fotokozani chifukwa chomwe okalamba, aulumali ndi ana amasiye ayambira kulandira. Nenani kuchuluka kwa katundu yemwe wabwera, ndipo zonse zilembedwe m'buku lomwe aliyense angathe kuona. Musalembe maina panokha m'nyumba usiku. Komiti yonse ikhalepo, pajatu mutu umodzi susenza denga.

Nanunso eni mudzi muli ndi mbali yanu. Munthuyu mudamusankha nokha, ndipo amasiya munda wake wa mpunga n'kumayenda m'matope chifukwa cha inu. Ngati mwamukayikira, kamufunseni pamsonkhano, osati kumunena pamowa kapena pa WhatsApp. Ngati pali umboni woti waba, pitani nawo kwa mfumu, kukhonsolo kapena kupolisi.

Tikupemphanso khonsolo ya Karonga ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya Dodma kuti asamasiye anthu ongodziperekawa okha pamoto. Lamulo latsopano loona za ngozi lidakhazikitsidwa mu 2023, kulowa m'malo mwa la 1991, koma lamulo palokha silingayankhe khamu lokwiya. Thandizo likachepa, akuluakulu abwere adzanene okha pamaso pa anthu kuti lachepa.

Madzi adzasefukiranso. Tsiku limenelo mudzi uliwonse udzafuna munthu wolimba mtima woti agogode pamakomo usiku. Tisamuthamangitse lero ndi pakamwa pathu.